Adalakwa ndi khoswe, mlandu n'kugwera turbo

Sabata yatha ndidalonjeza kuti tipitiriza nkhani ya mayeso a fomu 4, koma mundikhululukire awerengi, imeneyo iyambe yadikira. Kwathu kuno ku Kasiya kwachitika zinthu zimene zandibweza m'kalasi ine mphunzitsi, ndipo wondiphunzitsayo ndi mnyamata yemwe zaka zapitazo ndinkamukalipira kaamba kosinza pa phunziro langa la Physics.

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ali ndi pikiapu ya dizilo imene adagula yogwirapo kale ntchito kunja. Galimoto imeneyi ndiyo khasu la banja lonse. Nthawi yokolola imatuta soya ndi mtedza kupita m'tauni, tsiku la msika imanyamula ageni kupita kwa Nsaru, ndipo pakati pa usiku mayi woyembekezera akadwala m'mudzi, imasanduka ambulansi ya ku chipatala cha Kabudula. Fizi ya ana awiri amene ali ku sekondale imachokera m'matayala ake.

Mwezi wa May, soya atangouma, galimoto ija idayamba khalidwe lachilendo. Ikakhala yopanda katundu inkayenda ndithu. Koma ikasenza matumba n'kuyamba kukwera kamtunda potuluka m'dambo, mphamvu inkatha mwadzidzidzi, kagetsi kachikasu n'kuyaka pa dashibodi. Alamu ankati akaponda mafuta mpaka pansi, galimoto inkangokwawa, wa kabaza n'kuidutsa akuimba muluzu. Akaizimitsa n'kuilizanso, mphamvu inkabwererako pang'ono, koma pa mtunda wotsatira zomwezo.

Adapita nayo ku galaja ina m'tauni. Kumeneko adailumikiza ku kompyuta, patatuluka nambala, mkulu wa pagalajapo n'kuweruza pomwepo kuti turbo yatha. Mtengo wa turbo ina, yogwirapo kale ntchitonso, udali woposa malipiro anga a miyezi iwiri. Mukudziwa mmene masipeya adakwerera chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Alamu adandiimbira foni.

"Alamu, inu ndinu ophunzira. Akuti turbo yafa. Ndigule?"

Apa ndipo pali manyazi anga. Galimotoyo sindidaione, funso ngakhale limodzi sindidafunse. Ndidangoti: "Ngati kompyuta yanena, gulani. Makina sanama." Akuluakulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Alamu adabwerera kumudzi, n'kugulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri za pangolo. Turbo ina idamangidwa. Patapita masiku atatu, pa kamtunda komwe kaja, ndi matumba a soya omwe aja, kagetsi kachikasu kadayakanso.

Achemwali sadandilankhule sabata yathunthu. Sindikuwaimba mlandu.

Tsono ndisanafotokoze za mnyamata uja, tiyeni timvane kaye kuti turbo n'chiyani, chifukwa eni magalimoto ambiri amaitchula tsiku ndi tsiku koma sadaionepo mkati.

Injini ya dizilo imafuna zinthu ziwiri: mafuta ndi mpweya. Muthire dizilo wochuluka motani, mpweya ukachepa mungokolola utsi. Amene mudaonapo wosula nkhwangwa akupopa mvukuto mukudziwa kuti makala omwewo amalusa mpweya ukawonjezeka. Turbo ndi mvukuto wa injini. Mkati mwake muli timagudumu tiwiri ta mapiko tomangidwa pa kachitsulo kamodzi. Utsi wotentha wotuluka mu injini umazunguza kagudumu koyamba, ndipo kachiwiri, pozungulira nawo, kamayamwa mpweya kunja n'kuukankhira mu injini. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi: injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, adailembetsa mu 1905. Kachitsulo kaja kamazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi, pamene injini yokhayo imazungulira maulendo 2,000 kapena 3,000 basi.

Kwa ife a kuno turbo ndi yofunika kuposa anzathu a kuchigwa. Dera lathu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya umapepuka munthu akamakwera. M'mbali mwa nyanja yamchere pulesha ya mpweya ndi 101 kPa. Ku Nsanje ndi pafupifupi yomweyo. Koma kuno imatsika kufika cha m'ma 89. Injini yopanda turbo imafika kuno itataya kale gawo la mphamvu zake. Turbo imabwezeretsa zotayikazo.

Koma mvukuto umafuna woupopa wodziwa pochepetsa ndi powonjeza. Mpweya ukachepa galimoto imafooka, ukachuluka mopyola muyeso injini imatha kuwonongeka. Choncho turbo iliyonse ili ndi choiwongolera. Ma turbo akale ali ndi kachitseko kotchedwa wastegate, kamene kamatseguka pulesha ikakwana kuti utsi wina ulambalale kagudumu kaja. Ma turbo ambiri a magalimoto a dizilo a masiku ano ali ndi tizitseko tambirimbiri tozungulira kagudumu ka utsi. Tikatsekeka pang'ono utsi umathamanga kwambiri, monga momwe madzi amathamangira ukatsina kukamwa kwa paipi yothirira dimba. Tikatseguka, turbo imafatsa.

Tizitseko timeneti sitiyenda tokha. Pa galimoto zina, monga Hilux ya D-4D ya malita atatu, amatikankha ndi kamota kamagetsi. Pa zina, monga ya alamu, uthenga umayenda chonchi: sensa imayeza pulesha n'kuuza kompyuta ya galimoto, kompyuta imalamula kavavu kamagetsi kotchedwa solenoid, kavavuko kamatsegulira vakyumu, ndiye kuti mphamvu yoyamwa mpweya, kuti idutse m'kapaipi ka labala kopyapyala ngati cholembera, vakyumuyo imakoka kachitini kokhala pambali pa turbo, kachitiniko n'kukoka ndodo ya tizitseko tija. Zili ngati uthenga wochoka kwa amfumu kudzera kwa nyakwawa mpaka kufika kwa mwini khomo. Ukaduka panjira, mwini khomo sabwera ku bwalo, koma sikuti wamwalira.

Ndipo kufooka kwadzidzidzi kuja si matenda ayi. Kompyuta ikaona kuti pulesha imene yapempha ndi imene yafika zasiyana kwambiri, imachepetsa dala mafuta kuti iteteze injini, n'kuyatsa kagetsi kaja. Ukazimitsa injini imakhululuka, mpaka itaonanso cholakwikacho.

Zonsezi ndikuzilemba ngati katswiri lero, koma ndidazimva Loweruka lina pansi pa mtengo wa mango kwa alamu. Mnyamata uja adamaliza fomu 4 osakhoza bwino kwenikweni, adakaphunzira zokonza magalimoto m'tauni, ndipo adabwera kumudzi ku chiliza cha agogo ake. Achemwali ndi amene adakamuitana. Adafika ndi kachikwama kakang'ono, osati bokosi la masipana. Atandiona adavula kapusi.

"Aphunzitsi, muli pompano? Ndiye ndichita mantha."

"Gwira ntchito iwe," ndidatero, "lero wophunzira ndine."

Sadatsegule boneti msanga. Adakhala pa chitsa n'kuyamba kufunsa alamu mafunso ngati dokotala. Imafooka nthawi yanji, injini ikazizira kapena ikatentha? Ili ndi katundu kapena yopanda? Utsi umatuluka wamtundu wanji? Pamamveka kulira kwachilendo? Oyilo akuchepa? Mabuleki akulimba popondapo? Nanga galimotoyi imagona pati?

Funso lomalizali tidaseka tonse. Iye sadaseke.

Pambuyo pake adandimasulira chifukwa cha mafunsowo. Utsi wakuda wotsagana ndi phokoso la mpweya wofwamphuka umaloza ku paipi yaikulu yong'ambika kapena kalampu yomasuka pakati pa turbo ndi injini: mpweya ukuthawira panjira pamene mafuta akulowa okwanira. Utsi wobiriwirako ngati wa oyilo wopsa, oyilo wochepa msanga ndi kulira kokhala ngati sailini, zimenezo ndiye zimaloza ku turbo yeniyeniyo. Mabuleki olimba amaloza ku pampu ya vakyumu, chifukwa pa galimoto ya dizilo pampu yomweyo ndi imene imapepukitsa mabuleki. Zikatero musayendenso, ndi nkhani ya moyo. Galimoto ya alamu idalibe chilichonse mwa izi. Inkangofooka mwakachetechete.

Kenaka adatulutsa kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, n'kukalowetsa m'soketi ya mabowo 16 yomwe ili kunsi kwa chiwongolero. Soketi imeneyi idakhala lamulo ku America kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya magalimoto ang'onoang'ono a dizilo adatsatira pofika 2004. Kachipangizoko kadalankhula ndi foni yake, patatuluka nambala yomwe ija ya m'tauni: P0299.

"Aphunzitsi, werengani tanthauzo lake."

Ndidawerenga. Nambalayo imangonena kuti pulesha ya turbo yachepa. Sinena kuti turbo yafa. Inzake, P0234, imanena kuti pulesha yapyola muyeso. Basi.

"Mukukumbukira munkatiuza kuti tiziwerenga funso kawiri tisanayankhe?" adatero akumwetulira. "Nambalayi ndi funso, aphunzitsi. Anthu amaitenga ngati yankho."

Ndidangoti kukamwa yasa. Kuchipatala masiku ano sakupatsa LA chifukwa choti thupi latentha. Amayamba akubaya chala kuti aone ngati alidi malungo. Ine ndidapereka mankhwala pafoni, wodwala osamuona.

Tsono adayamba kuyeza, kuyambira zosavuta ndi zotchipa. Adatembenuza kiyi osaliza injini, n'kundionetsa foni: sensa inkawerenga 89 kPa. Adandifunsa ngati sensayo ikunama, popeza m'buku timati 101. Ndidakumbukira za kutalika kwa dera lathu, n'kuyankha kuti ikunena zoona. "Mwakhoza," adatero, alamu n'kuseka koyamba m'masabata awiri. Iye adati amakaniko ena amataya sensa yabwinobwino poganiza kuti 89 ndi yochepa. Adaimasulabe kuti aone ngati yatsekeka ndi mwaye, poti utsi wina umabwezedwa mu injini ndipo umasiya zakuda m'njira. Idali yoyera.

Adatsegula sefa ya mpweya, imene ambiri timaitcha eya kilina. Ndi fumbi la kuno m'chilimwe, sefa yotsekeka yokha imakwana kufooketsa galimoto, chifukwa turbo singakankhe mpweya umene sikuupeza. Idali yakuda koma yopumika. Adayendetsa dzanja m'mapaipi aakulu kufunafuna pamene padontha oyilo wakuda, poti pothawira mpweya pamasiya chizindikiro chotero. Sadakhutire ndi maso okha: adatseka paipi ndi chitsekerero chake, n'kupopamo mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, kenaka n'kuwaza madzi a sopo m'malumikiziro monse ndi pa intercooler, chija chokhala ngati rediyeta chimene chimaziziritsa mpweya. Ndi nzeru yomwe amagwiritsa okonza njinga pofufuza pamene chubu chabooka. Thovu silidaoneke.

Atatero adakweza matumba khumi, ine n'kukhala kutsogolo nditagwira foni, alamu akuyendetsa. Pa kamtunda kaja manambala awiri adasiyana ndikuona: kompyuta inkapempha pafupifupi 200 kPa, koma zofika sizinkapyola 120. Kagetsi kadayaka.

Titabwerera, injini itazizira, adatulutsa kapampu kam'manja kokhala ndi geji, n'kukalumikiza mwachindunji ku kachitini ka pa turbo kaja. Atapopa, ndodo idayenda bwinobwino mpaka kumapeto, osakakamira, ndipo muvi wa geji udaima osabwerera. Ndiye kuti mwini khomo adali moyo, tizitseko tikuyenda. Adayeza waya wa solenoid, magetsi ankafika. Adaliza injini n'kuika geji ku kapaipi kobweretsa vakyumu kuchokera ku pampu. Muvi udangogwedezeka pang'ono.

Apa adagona chagada pa thumba, n'kuyamba kutsata kapaipiko ndi zala kuseri kwa injini, kumene diso silifika. Posakhalitsa adatulutsa mutu.

"Bambo, mwati galimotoyi imagona pati?"

"M'shedimo, pafupi ndi matumba a chimanga."

Adasolola kapaipi kaja n'kutipatsa. Kadali ndi bowo lokhala ndi mano m'mbali. Pamwamba pa giyabokosi padali zikonyo ndi makoko a mtedza. Khoswe adapeza nyumba yofunda, n'kumanolera mano ake pa labala. Vakyumu inkathawira pabowopo, ndodo osakokedwa mokwanira, tizitseko n'kukhala totsegula. Amene adapanga galimoto adachita dala kuti uthenga ukaduka tizitseko tizitseguka, injini ifooke koma isaphulike. Pa turbo zakale za wastegate zimakhala mosemphana: kapaipi kopita ku kachitini kakabooka, kachitseko sikatseguka, pulesha n'kupyola muyeso.

Kapaipi katsopano kadali kotalika ngati mkono, ndipo mtengo wake sudafike pa wa nkhuku. Pa kamtunda kaja manambala awiri aja adakwera limodzi ngati mapasa. Palibe adalankhula m'galimotomo. Ndikudziwa kuti alamu ankaganiza za ng'ombe.

Sindikunena kuti turbo siifa. Imafa ndithu, ndipo kawirikawiri timaipha ndife. Kachitsulo kaja kamayandama pa oyilo, choncho oyilo wakale, wochepa kapena wachinyengo wa m'mabotolo osadziwika amakadya msanga. Fumbi lolowera pa sefa yong'ambika limakukuta mapiko. Anzanga amene mumapuntha sefa pa tayala m'malo mogula ina, mukuiboola. Kuzimitsa injini pomwepo mutangofika ndi katundu wolemera kumawotcha oyilo wotsalira mu turbo, yomwe nthawi imeneyo imakhala yotentha madigiri mazanamazana. Ilekeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri. Kulizanso injini nthawi yaitali pa siteji podikira anthu kumadzaza mwaye m'tizitseko tija mpaka timakakamira, galimoto n'kuyamba kutulutsa P0234 kapena P0299. Kumeneko mankhwala ake nthawi zambiri ndi kumasula ndi kutsuka, osati kugula ina.

Ndipo turbo yakufa imadziwika ndi dzanja. Injini itazima ndi kuzizira, makaniko amachotsa paipi yakutsogolo n'kugwira kagudumu. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kololedwa, koma kakamakhula khoma, kakamalowa ndi kutuluka, kapena mapiko akakhala obenthuka, imeneyo yatha. Ngakhale pamenepo funso likhalepo: yafa chifukwa chiyani? Mukamanga yatsopano pa paipi ya oyilo yotsekeka, nayonso muiika m'manda mwezi usanathe.

Kwa eni magalimoto, amalonda ndi mabungwe a alimi amene mudasonkherana kugula galimoto, musanatulutse ndalama funsani mafunso ochepa awa. Nambala yatuluka ndi iti, ndipo ikutanthauzanji? Ilembeni papepala. Kodi mwayeza pulesha galimoto ikuyenda? Mapaipi aakulu ndi ang'ono mwawayeza, kapena mwangowayang'ana? Tandionetsani chimene chawonongeka pa turbo imeneyi. Makaniko wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso otere, amakondwa. Ndipo chitsulo chakale chimene achotsa, tengani, n'chanu. Chenjezo limodzi kwa amene mungathamangire kugula kachipangizo ka pafoni: tambiri totchipa ndi ta magalimoto a 12 volts, pamene malole ambiri ndi a 24, ndiponso magalimoto ena akale ochokera ku Japan salankhula nato.

Amakaniko athu sindikuwanyoza. Ambiri adaphunzira pa injini zakale zopanda kompyuta, zimene munthu ankazidziwa ndi khutu, ndipo atipulumutsa kambirimbiri pamsewu. Vuto n'lakuti magalimoto asintha koma zida ndi maphunziro sizidasinthe nawo. Kompyuta yafika m'magalaja ngati ula wa sing'anga: ikatchula dzina, wotchulidwayo ndiye mfiti. A TEVETA ndi sukulu monga Lilongwe Technical College angatithandize pokonza maphunziro afupiafupi a amakaniko amene ali kale pantchito, oti aziphunzira kuyeza asanamasule. Kuno ku Kasiya kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yakhala ikufufuza miyala ya rutile ndi graphite. Mgodi ukadzatsegulidwa, kudzabwera makina ambiri otere, a turbo ndi kompyuta. Odzawakonza adzachokera kuti ngati ana athu tikuwaphunzitsa za pulesha pabolodi pokha, geji osaigwirako?

Funso limeneli likuloza ine. Mutu wa pulesha ndauphunzitsa zaka zambiri, 101 kPa ndailemba pabolodi kosawerengeka, koma sindidauzepo ana kuti pakhomo pa kalasi yathu pomwe ndi 89. Lolemba lotsatira ndidalowa m'kalasi ndi kapaipi kobooka kaja m'thumba la malaya, ndipo tsiku limenelo palibe adasinza.

Mwamwayi alamu adabwera nayo turbo yakale ija m'thumba la feteleza. Mnyamata uja adaigwira, adaizunguza ndi chala, n'kunena kuti ilibe vuto lililonse. Ikudikira wogula, ngakhale tikudziwa kuti singabweze mtengo wa ng'ombe. Galimoto tsopano imagona kutali ndi chimanga, ndipo pakhomo pabwera mphaka. Ngolo ili chiimire kuseri kwa khola, popeza ng'ombe imodzi siikoka goli. Ndalonjeza achemwali kuti pogula inzake ndidzaikapo yanga, ndipo ndalemba pano kuti mukhale mboni.

Za mayeso zija tikumana nazo sabata ya mawa.